Keke ya Mpunga

Ndevu zanga ndinazimeta Lachiwiri. Ndinali nditazisunga kuyambira chaka chimene mkazi wanga anachoka ndi mipando, ndipo anthu a mumsewu mwathu anali ataiwala kuti ndili ndi dzina lina kupatula a Ndevu. Wometa uja anandifunsa ngati ndaferedwa. Ndinamuuza kuti amete, mafunso akafunse kwawo.

Ndinameta chifukwa cha a Mabatani.

Mayi amenewa amagulitsa mabatani, mazipi ndi ulusi m'kashopu koyang'anizana ndi benchi langa losokerapo nsapato. Amuna awo anamwalira kale. Tinayamba ndi moni, kenaka tiyi wamasana. Iwo ankabwera ndi kapu yawoyawo, supuni yawoyawo, ndi dzira lowiritsa kapena mbatata m'kambale kotseka. Ine ndinkadya banzi langa. Tsiku lina kuseri kwa kauntala, titaseka zinazake, ndinaweramira pafupi kuti ndiwapsompsone. Anandigwira pachifuwa, n'kuyang'ana ndevu zanga ngati munthu woyang'ana nsabwe.

"Mwadya banzi," anatero. "Nyenyeswa zili tho m'ndevumu."

Ndinatuluka osatsanzika. Pa msinkhu wanga, munthu akakukana sufunsa chifukwa, umadziwa kale.

Mawa lake anawoloka msewu kudzandifotokozera. Anati matenda awo dzina lake ndi siliyaki. Mu tirigu ndi mu balere muli chinthu chotchedwa guluteni, chimene chimachititsa kuti ufa wokanda uzitamuka ngati labala. Kwa anthu ambiri n'chakudya basi, koma chikalowa mwa iwo thupi limayamba kumenyana ndi matumbo ake omwe. Anati m'kati mwa matumbo muli tiubweya ngati ta thaulo, timene timayamwa chakudya, ndipo tawo tinaperepeseka mpaka thaulo kusanduka nsanza yosamwa madzi. Ankadya koma n'kumawonda. Magazi kuchepa, m'kamwa zilonda, m'mimba osatsekeka. Akuchimuna ankanong'onezana za matenda ena, ndipo malemu amuna awo anasamukira pabalaza. Atatopa ndi zipatala, dokotala wina anawayeza magazi, n'kuwalowetsa kapaipi pakhosi, n'kupeza chimene chinali. Mankhwala palibe. Matendawa sapatsirana. Chofunika n'kusiya tirigu moyo wonse, ngakhale kanyenyeswa.

Ndinawauza kuti nanenso buledi amandifufumitsa mimba nthawi zina, koma sindiyenda ndi supuni m'thumba. Anati alipo anthu otero, tirigu amangowasowetsa mtendere koma matumbo awo sawonongeka, ndipo awo ndi amwayi.

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ayi. Ndamva mabodza ambiri a akazi ndi a amuna omwe, ndipo ili linkangooneka ngati bodza la munthu amene anapitako kusukulu.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo ndinkasewera dirafuti ndi a Chigayo pabenchi panga. Mkuluyu ali ndi chigayo kumapeto kwa msewu, ndi mimba, ndi njinga yamoto. Nayenso ndi mbeta yachimuna, ndipo mabatani a malaya ake amathothoka pafupipafupi modabwitsa. Anandifunsa chimene mayi aja anawolokera msewu. Ine ndi mkwiyo wanga ndinamukhuthulira zonse.

"Ndiye mukukhulupirira?" anafunsa uku akundidya zitsekerero ziwiri.

"Tsiku lina ndidzawaikira kaufa pang'ono m'chakudya," ndinatero, "tione ngati adzafe."

Anaseka mpaka kutsokomola. Nanenso ndinaseka.

Chimene chinandisintha si mawu a munthu. Tsiku lina a Mabatani anaiwala kambale kawo kunyumba, ndipo mumsewu wathu wonse chogulitsidwa masana ndi mabanzi, mabisiketi ndi zokazinga zopaka ufa. Ndinkawaona ndili pabenchi, iwo osadziwa. Mtsikana wogulitsa mabanzi anaima pakhomo pawo, fungo likufika mpaka kwa ine. Anamubweza. Anamwa madzi. Dzuwa litapendeka ndinaona mabatani akuwapulumuka m'manja n'kugwa pansi, iwo n'kukhala pampando atatsamira khoma, maso ali chitsinzinire. Panalibe woti amunamize. Ine ndakhala ndikuonera anthu moyo wanga wonse, ndipo sindinaonepo wonamizira akudzipha ndi njala popanda omuonerera.

Ndinapita kukagula nthochi. Ndinaziika pakauntala pawo. Anadya zitatu motsatizana, kenaka anati, "A Ndevu, mtima muli nawo, kungoti munaubisa m'tchire."

N'chifukwa chake tchire lija ndinalimeta.

* * *

Achemwali anga anabwera kwathu kudzandiphikira mlungu umodzi mkazi wanga atachoka. Mlunguwo sunathebe mpaka onse tachita imvi. Atandiona ndikulowa ndi chibwano chambee, anaika mpeni wa buledi pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwasanduka mbatata yosenda, achimwene. Ndi mayi wa supuni uja?"

A Mabatani anali atabwerako kwathu kamodzi. Anapempha kuti atsukenso mbale imene anapatsidwa, anakana majarini chifukwa mpeni wa buledi unali utalowamo, ndipo anafunsa ngati msuzi anaulimbitsa ndi ufa. Achemwali sanaiwale. Ankati chibadwire chawo sanaonepo mlendo wotsuka mbale yotsukatsuka, ndipo kumeneko n'kutukwana mwaulemu. Ankati matenda amenewo ndi a anthu okhuta.

Ndinayesa kuwafotokozera za thaulo lija. Anati ine sukulu ndinalekeza panjira, udokotala ndauphunzira liti.

"Akadzalowa muno, buledi atuluka," anatero. "Buledi akatuluka, wotsatira ndine. Ndikudziwa."

Ndinawauza kuti palibe akuwathamangitsa. Anadula chidutswa china, n'kuchipaka majarini mpaka m'mbali, n'kumadya ali chiimire, atandifulatira.

* * *

Tsiku lina a Mabatani ananena mongocheza kuti keke anailawa komaliza mwana wawo wamkazi ali kusukulu ya mkaka. Pa ukwati wa mwana yemweyo anadula nawo keke, n'kukasamba m'manja, n'kukhala pansi kumaonerera anthu akudya. Ananena akuseka, koma ine sindinaseke. Ndikudziwa kukhala pakati pa anthu uli wekha.

Ndinawalembera uthenga pafoni, ndi chala chimodzi monga mwa nthawi zonse. "Lamulungu mubwere kwathu. Ndikuphikirani keke. Ine ndekha, osati achemwali."

Anayankha kuti, "Wosoka nsapato kuphika keke? Ndibwera ndi nyundo yodulira."

Pambuyo pake mwana wawo anandiimbira. Ndi mayi wa muofesi, wolankhula ngati akuwerenga. Anati kusitolo yaikulu kuli ufa wa m'mapaketi wolembedwa kuti mulibe guluteni, ndigule umenewo basi, ndisachite zanzeru zanga. Ankanditchula kuti madala.

Ndinapitadi kusitolo. Ndinaitenga paketi ija n'kuitembenuza uku ndi uku. Tizilembo ting'onoting'ono, chithunzi cha mzimayi akumwetulira. Ufawo anauika m'paketimo ndani? Ndinamuona ine? Anthu amene amakugulitsa guluu wa nsapato wothira madzi ndi omwewo amene amalemba pamapaketi. Ndinaubweza pashelefu. Ndinati mayi amenewa sindingawadyetse chinthu chimene maso anga sanachione chiyambire.

Ndinagula mpunga. Ndinagula thireyi yatsopano, sefa yatsopano, beseni, supuni ndi chitini chophikira. Mpunga uja ndinausankha kanjere ndi kanjere pakhonde, magalasi ali pamphuno, achemwali akudutsa uku akung'ung'udza nyimbo ya maliro. Loweruka m'mawa ndinaunyamula kupita nawo kuchigayo.

Ndinafika munthu wina akutuluka ndi matumba pa wilibala. A Chigayo anasuzumira m'ndowa mwanga n'kufunsa kuti mpunga ndikugayitsa wa chiyani, kapena ndabereka khanda. Ndinawauza kuti agaye, zina si zawo. Anayang'ana chibwano changa, n'kumwetulira, n'kuthira mpunga.

Ndinaima pompo osaphethira. Ndinkayang'ana manja awo kuti asatapeko kapena kuthiramo china. Ufa utayamba kutuluka ndinatchera thumba langa kuyambira fumbi loyamba lenileni, ndipo pomaliza ndinawauza kuti agogode makinawo kuti wotsalira m'katimo utsike wonse. Mpunga ndi wanga, sindinkafuna kusiyira munthu ngakhale kambewu.

* * *

Lamulungu keke inatuluka yafulati, yong'ambika pamwamba, yofumbutuka ukaigwira. Achemwali ndinali nditawaletsa kulowa kukhitchini kuyambira m'mawa. Analowamo kamodzi kokha, kudzatenga machesi, ine ndili panja kukoleza makala a pamwamba pa chitini.

A Mabatani anabwera atavala diresi yobiriwira. Anapereka moni kwa achemwali ndi manja awiri, achemwali n'kuyankha ngati akuyankha wokhometsa msonkho, n'kupita kuchipinda kwawo. A Mabatani ndinawaonetsa ziwiya zonse, zina zikadali ndi timapepala ta kusitolo. Anafunsa kuti ufa ndi wanji. Ndinati wa mpunga wokhawokha, ndinauona ndi maso angawa. Sanafunsenso.

Anatsegula kachikwama, n'kugwira supuni yawo ija, n'kuibwezera momwemo. Anatenga yanga.

Anadya chidutswa choyamba mwakachetechete. Chachiwiri anadya akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, uku akunena kuti keke yake ndi yoipa kwambiri, ikukoma ngati chidendene cha nsapato, ndiwaonjezere. Ndinawaonjezera. Anandiuza kuti chiyambire matendawa, aka n'koyamba kudya m'nyumba ya munthu osaopa.

Powaperekeza, pageti, anandigwira chibwano ndi zala zawo zolimba ndi masingano. Anafunsa ngati ndadya banzi tsiku limenelo. Ndinati chimetereni ndevu sindinalaweko. Zimene zinachitika pamenepo ndi zanga.

Ndinabwerera m'nyumba ndikuyenda ngati mnyamata. Ndinatsuka ziwiya zatsopano zija n'kuziika pashelefu yakeyake, pamwamba, kutali ndi buledi.

* * *

Lolemba kashopu sikanatsekulidwe. Ndinakhala pabenchi ndikuyang'ana loko. Ndinalemba kuti, "Mwadzuka bwanji?" Zii. Ndinalembanso masana. Zii. Lachiwiri m'mawa uthenga unabwera, koma wa mwana uja.

"Amayi akhala akusanza ndi kutsekula m'mimba chichokereni kwanu. Sakutha kuima. Munawadyetsa chiyani? Musaimbenso foni."

Ndinatseka benchi n'kupita kunyumba. Njira yonse ndinkangoona machesi aja. Munthu amene amasunga machesi m'chipinda mwake, tsiku limenelo anawafuniranji kukhitchini?

Ndinawapeza achemwali akusita malaya anga. Ndinawafunsa chimene anathira m'beseni lija. Anafunsa kuti beseni liti. Ndinawauza zonse zimene zinali pamtima panga, ndi zina zimene sindinkadziwa kuti zilipo. Ndinati anathamangitsa mkazi wanga woyamba ndi pakamwa pawo, tsopano akufuna kupha wachiwiri ndi ufa. Ndinati akufuna kuti ndidzafe ndekha, nyumba itsale yawo.

Sanakuwe. Anamaliza kusita kolala, n'kuimika simbi.

"Mayiyo sindimukonda, zimenezo sindibisa," anatero. "Koma ine ndinakuberekani kumsana amayi ali kuchipatala, achimwene. Ndiziika zinthu m'chakudya cha munthu, ine?"

Ndinati aliyense amakana.

Analowa kuchipinda. Ndinamva zipi ya chikwama, yomwe a Mabatani anawaikira chaka chatha. Anatuluka atavala nsapato zawo za kutchalitchi. Anati akupita kwa mwana wawo, kumene mpongozi wawo sawafuna, koma sanawanenepo kuti ndi wakupha. Anandiuza kuti mankhwala anga a mawondo ali pamwamba pa kabati, n'kutuluka.

Patebulo panatsala theka la buledi ndi mpeni uli m'kati mwake. Sindinamudye, sindinamutaye. Anakhala pomwepo mpaka kuchita nkhungu. M'mawa ndinkaphika tiyi wa anthu awiri mwachizolowezi, n'kutaya theka. Kubenchi ndinkakhala moyang'anizana ndi loko uja. A Chigayo sanabwerenso ku dirafuti. Ndinati ali ndi ntchito yambiri.

* * *

Lachisanu kunabwera bambo wophika mabanzi, bambo wake wa mtsikana wogulitsa uja, ndi nsapato yoyasama kutsogolo. Ndi munthu wolongolola. Ali chikhalire kudikira, anati anandiona Loweruka kuchigayo, koma ndinamudutsa ngati sindimudziwa.

Ndinati sindinamuone.

"Ndi wilibala ija? Munalowa ine ndikutuluka. Ndinali nditagayitsa tirigu wanga wa buledi wabulauni. Mwinatu ufa wanu unakomako, chifukwa mkulu uja sasesa makina ake. Wanga umatsaliramo wambiri, ndimadandaula mlungu uliwonse."

Singano inandilasa chala, koma sindinamve.

Fumbi loyamba. Agogode makina kuti wotsalira atsike wonse. Ndinaima pamenepo ngati msilikali, kuyang'anira manja a munthu, tirigu akutsikira m'thumba mwanga ine ndikumuonerera. Paketi ya mzimayi womwetulira ija inali pashelefu, ndinaigwira ndi manja angawa.

Ndinamupatsa nsapato yake ili chiyasamire. Ndinaimbira achemwali, foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, anaizimitsa. Ndiye ndinasamba m'manja ndi kumaso, n'kuyamba ulendo wa kwa a Mabatani. Ndinali ndi mawu okonzeka. Ndinkati ndikawauza kuti wolakwa ndine, koma ndinalakwa pofuna kuwateteza, ndipo akaseka n'kunena kuti ndine chitsiru chokalamba. Chitsiru munthu amatha kuchikhululukira.

* * *

Pageti pawo panali njinga yamoto.

A Chigayo anali atakhala pakhonde, pampando umene eninyumba anawaikira chapatali ndi chitseko. Anali atasamba mpaka khungu kuwala, atavala malaya ositidwa, mabatani onse alipo. Pamwendo pawo panali thumba la malalanje, ndipo pansi pambali pawo paketi ya ufa ija, mzimayi wake akundimwetulira.

Mwana wa a Mabatani anatuluka n'kuima pakhomo atapinda manja.

"Mwabwera kudzaona ngati afa, madala?"

Ndinati ndabwera kudzafotokoza za chigayo. Anati za chigayo amva kale. A Chigayo anawauza kuti ataona mpunga anadziwa kuti ndi wa amayi, ndipo anandichenjeza kuti makina angogaya kumene tirigu, ndipite kwina. Ine akuti ndinakana. Ndinachita kulamula kuti agogode makina, wotsalira atsike.

"Bodza," ndinatero. "Sanandichenjeze."

"Kugogoda sindinagogode, a Ndevu?" anafunsa a Chigayo mofatsa, akuyang'ana malalanje. "Ine ndinadabwa. Kenaka ndinakumbukira mawu anu aja a pa dirafuti. Sindinagone nawo tulo, n'chifukwa chake ndabwera."

Mwana uja anati kumapeto kwa mwezi akutseka kashopu kaja n'kuwatenga amayi ake kukakhala nawo, kumene kulibe anthu oyesera matenda a anzawo ngati akuyesa nsapato. Anati dokotala wanena kuti matumbo atenga nthawi kuti abwerere m'malo. Anati ndichoke asanaitane anthu.

Katani ya pazenera la pafupi ndi khonde inasuntha. Zenera linatseguka pang'ono. A Mabatani anali atafunda bulangete ngakhale kunja kunali dzuwa. Nkhope inali itagwa, milomo itauma, pakona pa kamwa pali chilonda. Anayang'ana chibwano changa, pamene timvi tinali titayamba kumeranso.

Mwana uja anati amayi akagone. Iwo anakweza dzanja kuti akhale chete.

"Za chigayo zisiyeni," anatero, mawu ali otsika moti ndinachita kuyandikira. "Makina alibe mtima. Ine ndadwalapo chifukwa cha mpeni, chifukwa cha mafuta okazingira, chifukwa cha anthu ondikonda amene sanadziwe. Zimenezo ndinazolowera. Ndikufunsani chimodzi, a Ndevu. Tsiku lija ndinawoloka msewu, ndinakuuzani zimene sindinauzepo mwamuna wina aliyense. Madzulo ake, munanena kuti mudzandiikira ufa kuti muone ngati ndidzafe?"

A Chigayo anasiya kuseweretsa thumba lija. Panalibe wina pa dirafuti tsiku lija, ndi ine ndi iwo basi. Ndikanati ayi, akanakhala mawu anga ndi mawu awo, ndipo maso a mayi aja ankandipempha kuti ndinene kuti ayi.

Dzanja langa linapita pachibwano, pamene kale ndinkabisa pakamwa ndikasowa chonena. Linapeza khungu lokhalokha.

"Ndinanena," ndinatero. "Koma linali tsiku lija ndisana..."

Sanamenyetse zenera. Analikoka pang'onopang'ono, ndi manja awiri chifukwa analibe mphamvu, n'kukhoma kachitsulo kake. Katani inabwerera m'malo.

Mwana uja analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu imodzi ya tiyi. Anandidutsa, n'kukaipereka kwa a Chigayo.